Tsiku Limene Anthony Anaveka Amayi Chiwondo

Anthony ndimamudziwa kuyambira ali mwana wa mamina. Bambo ake, aphunzitsi a Jameson, anaphunzitsapo pasukulu yathu kuno kwa Kuntumanji, ndipo mwanayo sankachoka pakhomo pathu, ntchito kukokota mphika wa mpunga amayi akatha kupakula. Ndiye atatulukira chaka chatha, tsitsi atapota, tindevu ngati ta tonde, chikamera chili lende pakhosi, n'kumati dzina lake tsopano ndi Tony, ine ndinangoti tione kumene zithere. Dzina langa ndine Getrude. Ndimalima mpunga kudambo, ndipo amayi anga, a Dailesi, ndimawasunga ndine chimwalirire bambo.

Masiku amenewo tinali titangochokera kuchipatala ku Zomba. Adokotala sanabise mawu. Anati si ng'ala yoti n'kupala ayi, maso akuzima okha, lamanzere linapita kale ndipo lamanja likutsatira. Amayi sanalire. Tili m'minibasi pobwerera anangoti, "Getrude, ndisanachite khungu ndikufuna ndidzione nditavala yunifomu."

Zaka makumi atatu ali mu Mvano, analibe chithunzi ngakhale chimodzi cha bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera lija. Za pafoni ankazikana, ndipo sankalakwa. Munthu wa diso limodzi lotopa angaone bwanji kankhope kokwana pachikhadabo? Iwo ankafuna chachikulu, cha galasi, chopachika pakhoma, ndi china choti titumizire mchimwene wanga Gerishomo ku Joni. Ndinawalonjeza kuti ndikangopeza mpata ndipita nawo kwa ojambula ku Zomba. Mpatawo usanapezeke, ndi uyu Anthony watulukira.

Anakhala pakhonde, natsegula laputopu yake. Anati ku Blantyre anakhala zaka ziwiri akunyamulira zikwama mayi wina wa ku Girisi, katswiri wojambula, amene ntchito yake ndi kuzungulira midzi ya kwawo n'kumajambula azimayi atavala zovala za makolo awo. Anatisonyeza zithunzizo. Ine sindikonda kuyamikira, koma zinali zokongola. Mayi ataima paphiri, nkhosa zili kumbuyo, iye atavala jekete yopetedwa ndi ulusi wofiira, ndalama zagolide zili ngwee pachifuwa ponse. Wina atakhala pachitsime, epuloni ya maluwa, nsapato zopukuta, mutu uli m'mwamba ngati mwini dziko.

Amayi anayandikitsa nkhope mpaka mphuno kugunda galasi.

"Koma anthuwa atchena," anatero.

"Ndi zovala zawo zimenezo, amayi. Amavala paukwati ndi pamasiku akuluakulu."

"Duku lawo ngati lathu lomwe."

"Ndiye ine ndikufuna kuchita zomwezi kuno," anatero Anthony. "Amayi akwathu, m'zovala zathu, pamalo athu. Dziko lione kuti nafenso tili ndi zathu."

Amayi anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chichokereni kuchipatala. "Zovala zathu ndili nazo, mwanawe. Mulungu wakutuma."

Tsono yunifomu ya Mvano sivalidwa mwachisawawa. Ndi ya Lachinayi kumsonkhano wa amayi, ya pamaliro, ya pa Mgonero. Suvala popita kumsika, suvala pofuna kukongola. Amayi, amene adadzudzulapo anzawo angapo pa nkhani yomweyi, sakanayamba ndi iwo kuphwanya. Anatenga ndodo ulendo kwa mayi Emma, apampando a Mvano pampingo wathu, kukapempha. Mayi Emma anavomera, anati likhale Lachinayi, ajambulitse kenako abwere nayo kumsonkhano.

Sabata imeneyo pakhomo sipanapumike. Bulauzi inachapidwa kawiri, n'kuviikidwa mu buluu. Ndinasita ndi simbi ya makala, amayi ali pambali kupapasa kolala, n'kundibweza katatu kuti pali khwinya. Khwinya limene ine wamaso awiri sindinalione. Nsapato anapukuta okha.

Lachinayi kusanatenthe Anthony anafika pa njinga yamoto ya kabaza, atanyamula thumba. Analikhuthula pamphasa. Munatuluka chinsalu chofiirira, chokhakhala, chonunkha nkhungu. Munatulukanso mikanda yosuluka ndi zibangili za waya. Kumbuyo kwa njinga anali atamangirira mono, msampha wa nsomba uja, wothyoka mbali imodzi.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Chiwondo, achemwali. Nsalu ya khungwa la mtengo. Chovala chenicheni cha makolo athu. Ndachivutikira, ndachipeza kwa ogulitsa ziboliboli ku Zomba."

"Ndiye avale ndani?"

Anayang'ana amayi.

Amayi anagwira chinthucho ndi zala ziwiri. "Mayi anga anaoloka kuchokera ku Mozambiki atavala nsalu yakuda ya biriwita," anatero. "Khungwa sindinawaonepo nalo. Ife timayalira fodya zoterezi."

"Ndi zimenezo, tinataya chikhalidwe," anatero Anthony, akupukusa mutu ngati wafedwa. Mwana wovala jinzi yong'ambika dala m'mawondo, kuuza mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri kuti anataya chikhalidwe. Anati yunifomu si yathu, inabwera ndi azungu a mishoni, ndipo anthu akunja akaiona sangamve kanthu mumtima.

"Agiriki ako aja unati amavala zapaukwati," ndinatero. "Awo golide pachifuwa, amayi anga khungwa? Bwanji mayi wakoyo sanakawavule anthu akwawo n'kuwaveka zikopa za nkhosa?"

"Achemwali, luso simungalimvetse."

Ndikanamuthamangitsa pomwepo ndi chipande. Ndimanong'oneza bondo mpaka lero kuti sindinatero. Koma Anthony pakamwa ndi pothyathyalika, chikomekome cha mkuyu. Anagwada pamaso pa amayi, nawagwira dzanja. Anati ayambe avala chiwondo, kanthawi kochepa chabe, kenako iye awajambula cha yunifomu, chachikulu ngati zenera, cha felemu ndi galasi, ndi chinanso cha Gerishomo. Anati ojambula a ku Zomba ndi ana, kamera yake iyi imaona ngakhale ulusi wa pakolala.

Amayi anati, "Asandione munthu. Ndipo zimenezo zikaonekere kutali, kuno zisabwere."

"Ndalumbira, amayi."

"Getrude, iwe ukuti bwanji?"

Ndinati, "Poti ndi kanthawi kochepa." Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga, palibe anandikakamiza.

Tinadzera kuseri kwa minda, amayi atafunda chitenje pamwamba pa chiwondocho ngati munthu wothawa. Unali Okutobala, nyanja ya Chilwa itathawira kutali, itasiya matope ouma ong'alukang'aluka mpaka kumene diso limalekeza, phiri la Chisi likuoneka patali. Anthony ataona anayamba kudumphadumpha. Malo amene ife timawaona n'kumadandaula kuti chaka chino matemba kulibe, iye anati ndi okongola koopsa.

Anawavula chitenje. Anawavula duku, imvi zonse poyera. Anawavula patapata. Kenako anawayang'ana miyendo n'kukwinya nkhope.

"Mwadzola mafuta?"

Munthu wopita kukajambulitsa angaleke kudzola? Amayi anga ngakhale chaka cha njala, sopo atasowa, sankatuluka pakhomo ali mbuu. Ankati umphawi ubisike pakhungu. Anthony anati mafutawo akunyezimira, akuononga chithunzi. Anatapa fumbi ndi manja ake n'kuwapaka m'miyendo, m'mikono, mpaka m'mapewa. Amayi anatseka maso. Ine anandipatsa chimbale chachikulu chonyezimira, anati ndiime apo ndiziwalozetsa kuwala kwa dzuwa kunkhope. Ndinagwira, inde. Mwana wawo wobereka okha, ndinaima n'kumawaunikira kuti kutuwako kuoneke bwino.

"Khalani pansi, amayi. Tambasulani miyendo. Gwirani mono, muukumbatire."

"Mono ndi wa amuna," anatero amayi. "Chibadwire sindinatcherepo."

"Palibe adziwe. Musamwetulire. Yang'anani kutali, ngati munthu amene zonse zamuthera."

Kanthawi kochepa kaja kanakwana maola atatu. Anthony anagona chafufumimba, anakwera pachulu, anawazungulira ngati khwangwala pamtembo wa galu, kamera ili thetheya-thetheya osaleka. Chiwondo chinawakanda m'khwapa mpaka kutuluka timagazi. Sanadandaule. Kamodzi kokha anafunsa kuti, "Yunifomu ija waiphimba, Getrude? Nkhuku zingalowe."

Titabwerera amayi anasamba, nadzola mafuta kawiri. Ndinawaveka bulauzi, siketi, nsapato, duku anamanga okha. Anatuluka m'nyumba ali njo, msana utawongoka, ndodo ataisiya dala kuseri kwa chitseko. Ine misozi inalengeza, chifukwa amayi anga ndinawaona mmene alili.

Anthony anayang'ana kumwamba. Anati dzuwa lafika paliwombo, likuika mithunzi m'maso, katswiri sajambula nthawi imeneyi. Tidikire folo koloko. Iye apite kaye kudoko la Kachulu akaone mabwato, abwera posachedwa.

Ndinawatulutsira mpando pakhonde. Anakhala osatsamira, kuopa khwinya kumsana. Chakudya anakana, kuopa kudontheza. Belu la thu koloko litalira kutchalitchi, amayi anzawo anadutsa pamsewu m'mayunifomu awo, nawaitana kuti tiyeni. Iwo anati tsogolani, ndili ndi mlendo. Aka kanali koyamba kujomba Lachinayi asakudwala. Folo inakwana, inadutsa. Njinga iliyonse ikalira kumsewu ankakonza kolala.

Anthony anafika faifi itapitirira, njinga yosazimitsa, wakabaza akuliza hutala kuti kukuda. Chimbale chija sanachitulutse n'komwe. Sanagone chafufumimba, sanakwere pachulu. Anaima pamene anatsikirapo, nakweza kamera ndi dzanja limodzi, thetheya, thetheya.

"Zatheka, amayi."

"Basi?"

"Katswiri sachulutsa." Anakwera njinga, fumbi koboo.

Mmawa anali atachulutsa mazana angati, katswiri yemweyo.

Tinayamba kudikira. Novembala ndinaimba, anati akukonza. Disembala anati makina osindikizira zazikulu avuta. Januwale foni inkangoitana. Mvula inabwera, nyanja inabwerera, ine ndinali kudambo kuwokera mpunga kuyambira mmawa mpaka madzulo, msewu wa ku Zomba uli matope okhaokha. Kawiri konse ndinaganiza zoti ndingowatenga amayi ndipite nawo kwa ojambula wamba, koma ndinkati tivutikirenji, chithunzi chilipo kale, chikubwera. Amayi anandiuza ndikhome msomali pakhoma moyang'anizana ndi khomo, pamene kuwala kumafika. Msomaliwo unakhala miyezi isanu. Diso lamanja lija silinadikire. Pofika Malichi ankandizindikira ndi mawu, nkhope yanga ankaiona ndikawayandikira ngati ndikufuna kuwanong'oneza.

Kenako Anthony anaimba yekha, mawu ali myaa. Anati katundu wapatsira kondakitala wa minibasi, ndikalandire pa Songani. Anati ndikaona ndikalira.

Ndinapita. Chinali chachikuludi, chokutidwa ndi makatoni, tepi mbali zonse. Amayi anali atandilamula kuti ndisatsegule panjira, oyamba kuona akhale iwo. Ndinachifungatira panjinga ngati khanda, mabampu onse aja ndikukalipira wakabaza kuti aziyenda bwino.

Ndinapeza pakhonde pali anthu. Amayi anali ataitana mayi Emma ndi amayi ena awiri a Mvano, atawaphikira tiyi. Anati amene anapereka chilolezo ayenera kuona chimene analoleza. Ndinadula tepi ndi mpeni, ndinachotsa makatoni, ndinachiimika pampando.



Chinali cha chiwondo. Amayi anga ali pansi pamatope ong'aluka, miyendo yotuwa itatambasuka, phewa lili pamtunda, imvi zili nyankhalala, atakumbatira mono wothyoka, maso ali kutali. Mnyamata uja sananame za kamera yake. Mng'alu uliwonse wa kuchidendene unkaoneka. Mayi Emma anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Mmodzi wa amayi aja anagwira pakamwa, nayang'ana ine, osati chithunzi, ine.

"Bwanji mwangoti chete?" anafunsa amayi. "Kolala yakhala bwino?"

Ndinati ndikubwera. Ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe, ndinaimbira Anthony.

"Mwachiona?" anatero Anthony. "Achemwali, chimenecho chagwedeza anthu. Pachionetsero ku Blantyre azungu amaima pamenepo osachoka. Mayi wa ku Girisi uja akuti apita nacho kwawo. Ndinati amayi asamanidwe, akhale nacho chawo."

"Unalumbira kuti kuno sichibwera."

"Aa, zimene zija? Ndimayesa akachiona kukongola kwake asintha maganizo."

"Cha yunifomu chili kuti?"

Anayamba kutsokomola. Anati ziwiri zija sizinatuluke bwino, kuwala kunali kutatha, china chinagwedera. Anati ngakhale zikanatuluka, zinali wamba, zopanda mzimu, zonga za pachiphaso. Iye dzina lake silingakhale pa chinthu chotero. Anafufuta kalekale pofuna malo mu kamera.

"Unafufuta liti?"

"Sabata yomwe ija, mwina."

Sabata yomwe ija. Novembala yense, Disembala yense, akundiuza kuti akukonza, amayi akupapasa msomali mmawa uliwonse. Akanangonena, ndikanawabereka kumsana mpaka ku Zomba diso likadaona. Ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze pano, ndinatchula ndi mphika wa mpunga womwe ankakokota. Iye anati vuto la anthu akumudzi ndi limeneli, sayamika, ndipo ngati n'choncho adzabweranso nthawi ina adzajambule china. Nthawi ina. Ndinadula foni.

Nditabwerera pakhonde ndinapeza amayi atachiika chithunzicho pamiyendo. Palibe anali atawauza kanthu. Anali atawerama, diso lamanja lili pafupi ndi galasi, akuliyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kumutu kutsikira kumapazi, mpweya wawo ukuchita nthunzi pagalasipo. Ankafunafuna choyera. Anafika kumapazi, nabwereranso kumutu.

"Apa palibe duku," anatero.

Mayi Emma anatsegula pakamwa, ine ndinawapukusira mutu.

"Getrude, alakwitsa katundu. Ichi si changa." Anapukuta galasi ndi m'mphepete mwa chitenje, nayang'ananso. "Mayiyu ndi wa kuti? Koma ndiye watuwa, wosauka. Wakhala padothi ngati wamisala."

Kaya sanadzizindikiredi, kaya anadzizindikira n'kudzikana pamaso pa anzawo, sindinawafunse ndipo sindidzawafunsa.

"Alakwitsadi, amayi," ndinatero. "Ndibweza mawa."

"Ubweze. Ndipo umuuze Anthony changa afulumire nacho, kunoku kukuda." Anakhudza diso lamanja ndi chala. Kenako anabwezanso nkhope pagalasi, ngati chinachake chikuwavuta. "Koma mayi ameneyu alibe ana?"

Amayi atatu aja anayang'ana pansi.

"Ali nawo," ndinatero. "Awiri."

"Ali moyo?"

"Ali moyo."

"Ndiye anali kuti pamene mayi wawo amachitidwa zoterezi?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Wina ali kutali," ndinatero. "Winayo anali pomwepo, amayi. Anaima pambali."

Amayi anagwedeza mutu, nandipatsira chithunzicho osandiyang'ana.

"Ndiye ngwachabe ameneyo," anatero. "Mayi Emma, tiyi wanu akuzizira."